Nsomba Imene Bambo Anga Ankalondera

Kwathu mawu akuti "basi" ali ndi matanthauzo atatu. Pali basi yokwera ija yochokera ku Limbe kupita ku Muloza. Pali basi amene amayi amanena akatopa ndi phokoso lathu. Ndiye pali basi ya m'madzi, nsomba imene bambo anga anailondera zaka 19 osailawako ngakhale kamodzi. Azungu amaitcha largemouth bass, ena amati black bass, koma lilime la bambo linalibe nthawi ya zonsezo. Kwa iwo inali basi, basi.

Loweruka lina la mwezi wa Seputembala chaka chatha ndinaigwira m'manja mwanga koyamba. Ndakhala ndikuzengereza kulemba za tsikulo chifukwa pali zimene ndinachita zondichititsa manyazi mpaka lero.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ina yaing'ono ku Blantyre, pa kontirakiti ya miyezi 6 imene amangoiwonjezera akafuna. Amene munayendapo ndi envelopu ya khaki zaka zitatu mutamaliza digiri mukudziwa mmene munthu amasekera nthabwala za abwana ake, ngakhale zosaseketsa. Abwana anga ndi Mmalawi mnzathu, munthu wabwino ndithu, ndipo matenda awo ndi kuwedza. Lachinayi lina anaima pa desiki panga n'kunena kuti, "Iwe paja kwanu ndi ku Mulanje eti? Loweruka tiye, ukatilondolere njira." Ndinavomera asanamalize n'komwe. Sindinafunse kuti ndi damu liti.

Tinanyamuka 4 koloko m'bandakucha, ine, abwana ndi mnzawo wina, kudzera msewu wa Midima. Kunja kukuyera, phiri linaonekera mwachimbuuzi chifukwa cha utsi wa moto wolusa wa nyengo ino. Titadutsa pa boma n'kukhotera mumsewu wafumbi wa pakati pa minda ya tiyi, m'mimba mwanga munayamba kutentha. Ndinkadziwa bulugamu aliyense wa mumsewu umenewo. Ndinayendamo wopanda nsapato, nditasenza kontena ya nsima ya bambo.

Madamu a m'maesiteti sanawakumbire nsomba. Tiyi amafuna chinyontho, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, ngakhale Mulanje wodziwika ndi chiperoni uja amauma kukhosi. Ndiye eni minda anatseka timitsinje totsika m'phiri, madzi n'kusonkhana, mapampu n'kumathirira. Nsomba zinabwera pambuyo, kuti mamanejala azikhala ndi chochita Lamulungu masana. Basi kwawo ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo m'nthawi ya atsamunda inafalikira m'madamu ambiri a chigawo chino cha Africa, monga momwe nsomba ya trout inafikira m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa Zomba, Mulanje ndi Nyika. Tiyi, bulugamu, paini, basi: zonsezi ndi alendo amene anapatsidwa malo ndi alonda, pamene eni dera ankapanikizana m'midzi ya m'mbali mwa minda.

Mmodzi wa alondawo anali bambo anga. Kwawo ndi ku Phalombe, kwathu kuno anabwera kudzakwatira. Ndiye kuti anali mkamwini, ndipo kwa ife Alomwe mwini mbumba ndi malume, mchimwene wa amayi. Mawu a malume ndi amene ankamveka pakhomo pa anganga.

Chaka cha 2005 mvula inadula chimanga chitangoyamba kubereka. Pofika Okutobala anthu ankagona pamzere wogula chimanga, ena ankaphika mango osakhwima. Ine ndinali ndi zaka 8. Usiku wina bambo anapeza munthu akukoka ukonde kumtunda kwa damu, kumabango. Anali malume. Bambo analanda ukondewo pamodzi ndi thumba la nsomba, n'kukapereka kwa kapitawo m'mawa mwake. Dzina la malume ndi la akazi awo anawafafaniza m'kaundula wa othyola tiyi, nyengo yothyola ili pafupi kuyamba. Banja la ana asanu.

Kuchokera tsiku limenelo bambo anasanduka "galu wa bwana" m'mudzi monse. Pamaliro ankakhala okha kumapeto kwa benchi. Amayi anakhala pakati ngati chingwe chokokerana, ndipo ine kusukulu ndinaphunzira kusintha nkhani anzanga akafunsa ntchito ya bambo. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma chathu chinanunkha ndithu kwa zaka zambiri. Chodabwitsa n'chakuti malipiro a ulonda omwewo ndi amene anandilipirira fizi ku sekondale, n'kundigulira sutikesi yopita nayo ku Zomba. Ndinkadya ndalamazo uku ndikuchita nazo manyazi.

Tinafika pageti dzuwa likungotuluka. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake atavala jekete lalikulu, n'kuyang'ana kalata ya chilolezo imene abwana anamupatsa. Kenako anasuzumira kumpando wakumbuyo. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anayamba ntchito ali mnyamata, bambo ndi amene anamuphunzitsa, ndipo ankakonda kundigawira chinangwa chootcha. Nkhope yake inawala.

"Aaa! Kodi si iwe mwana wa mdala wathu uja? Wakula chonchi?"

Abwana anatembenuka kundiyang'ana. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamuyankha munthu uja m'Chingelezi, moni wouma wa mawu awiri, ngati mlendo wochokera kutali, maso anga ali pa foni. Anakhala chete pang'ono, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuimika dzanja pachipumi.

"Pepani bwana, ndakufanizani ndi wina wake."

Geti linatseguka. Abwana anaseka n'kunena kuti anthu akumudzi aliyense amamuona ngati m'bale wawo. Nanenso ndinaseka.

Damu linali momwe ndinalisiyira, kungoti linaphwerako. Nthunzi inkakwera pamwamba pa madzi, mbalame zikulira m'mabango. Abwana anatsitsa zida zawo: ndodo zopepuka ngati bango, zokhala ndi kachipangizo kokulungira chingwe, ndi bokosi lodzaza nyambo zabodza. Munali tinsomba ta pulasitiki, tizitsulo tonyezimira tozungulira m'madzi, achule a labala, ndi nyongolotsi zofewa zamitundumitundu. Ndinakumbukira mmene bambo ankasekera akamafotokozera amayi kuti kuli anthu ogula nyongolotsi m'sitolo, pamene kuseri kwa bafa kwathu zili mbwee.

Pamene ankandimangira mbedza, abwana anandifotokozera chifukwa chake tinabwera mwezi umenewu. Ku America nyengo yabwino ya basi ndi imene amaitcha spring, cha m'ma Malichi mpaka Meyi, chisanu chikamatha. Mabuku ena amamasulira mawuwa kuti masika, koma masika athu ndi nthawi ya dowe ndi maungu, si zimenezo ayi. Kuno nyengo yofanana nayo ndi ino: kuzizira kwa Juni ndi Julayi kwapita, mango achita maluwa, mitengo ya m'tchire yaphuka masamba ofiirira, madzi ayamba kufunda. Akafika pa madigiri 16 mpaka 18, basi zimachoka kozama n'kubwera m'mphepete kudzaswana. Apa ndi pamene zimagwidwa mosavuta.

Ndinkagwedeza mutu ngati ndikumva zachilendo. Koma zonsezi ndinazimva ndili mwana, m'Chichewa chosakaniza ndi Chilomwe, popanda za madigiri. Bambo ankati ukaona mango achita maluwa, yang'ana pansi pa madzi. Ankandigwira paphewa n'kundilozera malo oyera ozungulira ngati lichero, pansi pa madzi ofika m'chiuno. Chimenecho ndi chisa. Yaimuna ndi imene imasesa matope ndi mchira wake mpaka patsale mchenga ndi timiyala. Yaikazi imabwera, kuikira mazira, n'kumapita. Yaimuna imatsala pomwepo, kukupiza madzi ndi zipsepse kuti mazira asakwiririke ndi matope, kuthamangitsa chilichonse choyandikira. Mazira akaswa imalonderabe tianato kwa masiku angapo. Nthawi yonseyi sidya kwenikweni. Chambo chathu chimachita zosiyana: mayi ndi amene amasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake. Bambo ankati basi ndi nsomba yokhayo imene imadziwa ntchito yawo.

Maola awiri oyamba sindinagwire kanthu. Chingwe chinkangopiringizana, kamodzi ndinakola nthambi ya mtengo. Mnzawo wa abwana uja, amene anali atagwira kale ziwiri n'kuzibweza, ankatisangalatsa ndi mbiri. Anati basi yaikulu kwambiri yodziwika inagwidwa mu 1932 ku Georgia ndi mnyamata wina wa kumunda dzina lake George Perry, yolemera makilogalamu 10 ndi kakusefukira, ndipo panapita zaka 77 kuti Manabu Kurita wa ku Japan agwire yofanana nayo pa nyanja ya Biwa mu 2009. Ndinafunsa kuti nanga Perry uja nsomba yakeyo anaitani. Anaseka. Anapita nayo kwawo, banja lonse linadya. Inali nthawi ya mavuto a zachuma ku America, ndipo mnyamatayo anapita kukawedza chifukwa chofuna ndiwo.

Ndinaganiza za malume ndi thumba lawo lija, koma sindinanene kanthu.

Cha m'ma 9 koloko ndinawasiya n'kulowera kumtunda, kumene kuli chitsa cha bulugamu chomira theka. Miyendo inkangondipititsa yokha. Ndinaima pamthunzi kuti chithunzithunzi changa chisagwere m'madzi, monga anandiphunzitsira. Ndipo chinalipo: lichero loyera pansi pa madzi, pambali pa chitsa, pamwamba pake pataima nsomba yobiriwira modera, ya mzere wakuda m'nthiti. Sinkasuntha. Kansomba kena kakayandikira, inkathamangitsa n'kubwerera pamalo pomwepo.

Ndinaponya nyongolotsi yanga kupitirira chisa, n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka inagwera m'kati. Nsomba ija inapendekeka, mutu pansi, kuiyang'ana. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu inatsegula kukamwa n'kuitola, osati mwa njala, koma ngati munthu wotola chinyalala pakhonde kuti akataye. Ndinakoka.

Abale, zimene amanena anthu owedza si zabodza. Ndodo inapindika, chingwe chinalira, mtima wanga unagunda mpaka m'makutu. Nsomba inalumpha pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, ikupukusa mutu kuti ilavule mbedza. Ndinakuwa ngati mwana. Abwana anabwera akuthamanga, akundiuza kuti ndisafwetse chingwe. Itatopa ndinaikokera m'mphepete, ndipo anandionetsa kagwiridwe kake: chala chachikulu m'kamwa, kugwira mlomo wam'munsi. Kukamwa kwake n'kwakukulu zedi, chibwano chimapitirira diso, ndipo timano take tili ngati sandipepala. Tinandikalakala chala mpaka khungu linayera.

Pa sikelo inakwana kilogalamu imodzi ndi theka. Kenako zithunzi. Abwana anajambula, mnzawo anajambula, anati ndivule kapu chifukwa nkhope sikuoneka, anati nditambasule manja kuti nsomba ioneke yaikulu. Ine ndikumwetulira, diso langa linagwera pachisa paja. Tinsomba ting'onoting'ono tinali titadzazapo, tikujompha pansi mothamanga. Mlonda wachoka, geti lili pululu.

"Bwezera tsopano," anatero abwana. Lamulo la pamalopo ndi limenelo: ukagwira, umabweza.

Ndinagwada n'kuiika m'madzi, ndikuigwirabe mpaka makha ake anayamba kupuma bwino. Inakhala kanthawi m'manja mwanga ngati yaledzera, kenako inapukusa mchira n'kulowera kozama. Tsidya lina la damu, kuseri kwa waya, kunali ana atatu atanyamula nkhuni. Anaona zonse. Mmodzi anagwira m'chiuno, ndipo ngakhale anali patali ndinadziwa chimene ankaganiza, chifukwa ndinaimapo pamalo amenewo: anthu awa ndi amisala, agwira ndiwo ya banja lonse n'kuitayanso m'madzi.

Kunena zoona mpaka pano mutu wanga sunagwirizane pa nkhaniyi. Abwana ali ndi mfundo: damu ndi laling'ono, aliyense atamatenga, makamaka nyengo yoswana, pakutha pa zaka ziwiri simungatsale kanthu. Ndi nzeru yomweyo imene boma limatsekera usodzi wa makoka ku Nyanja ya Malawi kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane. Koma chambo ndi chathu, ndipo nyanja ikatsegulidwa aliyense amapita. Basi ndi mlendo wolusa. Imadya matemba, achule, nkhanu, ana a nsomba zina, chilichonse cholowa m'kamwa mwake, moti akatswiri a bungwe la IUCN anaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zobwera zowononga kwambiri padziko lonse. Ndiye taganizani: nsomba yachilendo, yodya nsomba za eni dera, m'madzi a mtsinje umene kale unkatsikira kumudzi, ikutetezedwa kwa anthu a m'mudzimo ndi mlonda wochokera m'mudzi momwemo, kuti anthu a m'tauni adzaigwire, aijambule, aibweze. Ndipo ine, mwana wa mlondayo, ndinasangalala kuigwira kuposa china chilichonse chimene ndinachita chaka chimenecho. Zonsezi ndi zoona nthawi imodzi.

Madzulo ndinapempha kuti anditsitse pamphambano, ndinati ndikaone abale ena. Ndinagula shuga, buledi ndi mulu wa usipa wouma, n'kukwera kabaza.

Bambo anapuma ntchito mu 2016. Maso awo ali ndi ng'ala, amangoona zithunzithunzi. Ndinawapeza pakhonde ndi wailesi yawo, amayi akusenda nandolo. Nditagwada n'kuwapatsa moni, anagwira dzanja langa ndi manja awiri monga amachitira masiku ano, ngati akuwerenga. Chala chawo chinaima pa chala changa chokalika chija. Anachisisita kawiri.

"Wagwira basi iwe."

Ndinavomera.

"Kuti?"

Ndinawauza. Anazimitsa wailesi.

"Pachitsa paja?"

"Eya, ababa."

"Ndiye inali yaimuna. Unachedwa nayo kunja?"

Ndinati pang'ono, chifukwa cha zithunzi. Anapukusa mutu. Anati mamanejala akale ena ankachitanso zomwezo, ndipo iwo ankati akachoka, amapita kukaima pachisapo ndi kabango, kuingitsa tinsomba mpaka mwini wake abwerere. Nthawi zina ankabwerera, nthawi zina ayi. Palibe anawatuma ntchito imeneyo. Sinali pa malipiro.

Amayi atalowa kukaphika, ndinafunsa funso limene ndinalisunga zaka pafupifupi 20. Ndinati, ababa, za malume zija, panalibe njira ina?

Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti sanamve.

"Inalipo," anatero. "Ndikanayang'ana kumbali. Ndinayang'ana kumbali kawiri, ndinawauza kuti alamu, kapitawo wayamba kuwerenga mapazi m'matope. Kachitatu ndinawerenga anthu a m'nyumba mwanga. Munali anayi, iwe uli Sitandade 3. Iwo anali ndi asanu. Ndinasankha anga." Anapuma. "Sindikuti ndinakhoza. Ana awo awiri anasiya sukulu chaka chimenecho. Ndimawaona akamadutsa apa, ngakhale ndi maso angawa."

Sanapepese, sanadzitamenso. Ndinafunsa ngati sanalakelakepo kuilawa nsombayo zaka zonsezo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati tsiku lililonse. Anati fungo lake ankalidziwa bwino, chifukwa kukhitchini kwa manejala ankaikazinga ndi batala mawindo ali otsegula.

Tinadya nsima ya usipa ndi nandolo. Sindinawauze zimene ndinachita pageti. Ndinagona pamphasa ndikuzitembenuza m'mutu. Munthu amene ndinkachita naye manyazi anapereka m'bale wake chifukwa cha ana anayi ndi chaka cha njala. Ine ndinakana bambo anga chifukwa cha chiyani? Palibe anandiopseza. Kontirakiti yanga sinali m'manja mwa mlonda uja. Ndinangofuna kuti anthu awiri a m'galimoto yabwino aziganiza kuti ndinabadwira kwina.

Lamulungu m'mawa, m'malo mopita kutchalitchi ndi amayi, ndinayenda wapansi mpaka pageti. Ndinamupeza akuwotha dzuwa, akumwa tiyi m'kapu ya pulasitiki. Ndinavula kapu yanga n'kunena kuti, achimwene, dzulo simunafanize. Ndine amene.

"Ndinadziwa," anatero. "Mayendedwe ndi a mdala. Koma usadandaule, ukakhala ndi akuluakulu timamvetsa."

Kumvetsa kwakeko kunandipweteka kuposa mmene kukanandipwetekera kutukwana. Anandigawira tiyi, anafunsa za maso a bambo, anandiuza kuti mwana wake wamkazi ali Fomu 2 ndipo amakhoza masamu. Ndisananyamuke ndinamufunsa ngati anadutsako kuchitsa kuja. Anati anapitako m'mawa, poyendera mapampu. Nsomba ilipo, yaima pamalo pake. Za mazira sanaone bwino, madzi anali ndi mphepo.

Lolemba ku ofesi chithunzi changa chinali chitazungulira kale pa gulu la WhatsApp la antchito. Abwana anaima pa desiki panga, akusekerera, n'kufunsa kuti ndinadziwa bwanji kuti pachitsa paja pali nsomba, poti iwo akhala akupita kumeneko zaka zinayi osapaona.

Ndinati bambo anga anali mlonda pa damu limenelo zaka 19, ndipo amene anatitsegulira geti uja anaphunzitsidwa ntchito ndi iwo.

"Oo," anatero abwana. Anandiyang'ana pang'ono. Kenako anafunsa ngati lipoti la mwezi latha.

Denga silinagwe. Lipoti ndinapereka Lachiwiri. Chala chinapola patatha sabata imodzi, ndipo mwezi wamawa mango akachita maluwa abwana akuti tipitenso. Ndawauza kuti ndipita, koma tikadzera kaye kunyumba, chifukwa pali munthu wina amene amadziwa zisa zonse za m'damu limenelo ndipo sanakwerepo galimoto yolowa pageti lija.